Tisakane Dzina la Nchito Yathu: Ine Ndine Wolemba

Amai amene mwayala kale tomato ndi nthochi, atate amene mwatsegula kale shopu, Mulungu adalitse malonda anu a lero. Nkhani yathu ndi yaitaliko, ndiye kasitomala akafika muyambe mwamuthandiza, mau awa sathawa. Malemba amene tiyendemo ndi Aroma 16:22, Luka 1:1-4 ndi Yeremiya chaputala 36. Mukapeza mpata muwawerenge nokha m'Baibulo lanu.

Pali yankho lina limene ndalimva kambirimbiri pakati pathu, ndipo lero ndifuna tilikambirane. Yankho lake ndi lakuti, “Aaa, ine ndimangolembalemba chabe.” Amayankha choncho amai amene asunga buku la maminitsi a Mothers' Union kwa zaka zambiri osaphonya msonkhano. Amayankha choncho mnyamata wa kwaya amene nyimbo zake tikuimba pa Sande osadziwa kuti anapeka ndi iye. Amayankha choncho aphunzitsi opuma nchito amene mudzi wonse umathamangira kwa iwo pakagwa maliro kuti alembe mbiri ya malemu. Pali mtsikana wa pa buthi ya mobile money amene makasitomala akachepa amatulutsa kabuku n'kuyamba kulemba nthano, koma wina akayandikira amakabisa pansi pa tebulo ngati waba. Onsewa amalemba, ena tsiku ndi tsiku. Koma muwafunse kuti, kodi ndinu wolemba? Amaseka, kuyang'ana pansi, ati olemba ali ku Lusaka.

Ine ndimayankha mosiyana. Munthu akandifunsa nchito yanga ndimati ndine mlimi wa nshawa ndi chimanga, ndine lay reader mu mpingo wa Anglican, ndiponso ndine wolemba. Dzina lachitatuli ndimalitchula monga ndimatchulira awiri oyambawo, osatsitsa mau, osasekerera. Ena amanong'onezana kuti a Reader ayamba kudzimva. Ndiye ndati ndifotokoze chifukwa chake. Ndikhulupirira kuti munthu akavomera dzina la nchito wavomera goli lake, ndipo amene akana dzina, nthawi zambiri chimene akuthawa ndi golilo.

Inu amalonda mudzandimva msanga. Basi ya ku Chipata ikaima pa Nyimba, amai a nthochi amafika pamawindo injini isanazime n'komwe. Sanapite ku koleji ya zamalonda, alibe satifiketi ya nthochi. Koma sindinamvepo mai woteroyo akunena kuti ndimangogulitsagulitsa chabe. Amati ndine wa bizinesi. Ndipo poti anavomera dzina, amachita zimene dzinalo lifuna. Amauka kusanache. Amadziwa mlimi woti akaodeko, amadziwa mkoko umene upse mawa ndi umene udikire Lachisanu. Amasiyanitsa mpamba ndi phindu. Mutu ukawawa pang'ono sanena kuti lero mzimu wa malonda sunandifikire. Amamanga chitenge n'kupita.

Tsono ife olemba timafuna kukhala ngati munthu amene amabwera pamsika pokhapokha mtima ukamuuza. Tebulo lake alibe, muyeso alibe, ndipo mukamufunsa kuti katunduyu wavunda bwanji, ati pepani, ine sindine wamalonda weniweni. Mwaona pamene pali msampha? Mau akuti ndimangolembalemba amamveka ngati kudzichepetsa, koma ali ndi kakhomo kothawira kuseri. Ukalemba za bodza, uti ndimangolembalemba. Ukalonjeza anthu nkhani n'kusowa miyezi isanu, uti ndimangolembalemba. Palibe angakugwire dzanja, chifukwa unanena kale kuti nchitoyo si yako.

Udindo wa lay reader ndiwo unanditsegula maso pa zimenezi. Udindowu mpingo wa ku England unaubwezeretsa m'chaka cha 1866, kuti anthu wamba osadzozedwa unsembe azitsogolera mapemphero ndi kulalikira kumene ansembe sakwanira. Kuno kwathu, kumene wansembe mmodzi amayendera mipingo yambiri yotalikirana, mudziwa nokha kuti Masande ambiri amene amaima kutsogolo ndife. Munthu akalandira chilolezo cha a Bishopu sangafike pa Sande n'kuuza mpingo kuti ine ndimangowerengawerenga chabe, musayembekezere zambiri. Ayi ndithu. Dzina lakugwera, konzekera. Loweruka madzulo ukhale pansi ndi Malemba a tsikulo, mvula igwe isagwe njinga uikwere. Kulemba n'chimodzimodzi, kungoti olemba tilibe bishopu wotipatsa pepala. Chilolezo chake umachitenga pamene wakhala pansi ndi cholembera, ndipo m'mawa uliwonse umachitenganso.

Taonani munthu wina m'Baibulo amene ambiri timamudumpha. Kalata ya kwa Aroma timati ndi ya Paulo, ndipo n'zoona. Koma dzanja limene linagwira cholembera linali la Tertio. Paulo ankayankhula, Tertio n'kumalemba, kalata yonse yaitali ija imene lero inagawidwa m'machaputala 16. Kumapeto, pamene anthu osiyanasiyana akupereka moni, Tertio anaikamo wakenso, natchula dzina lake ndi nchito imene anagwira. Vesi limodzi basi. Sanadzitame, komanso sanadzibise. Maganizo a m'kalatamo sanali ake, koma anadziwa kuti kugwira mau a mtumwi osataya ngakhale amodzi ndi nchito yoyenera kuikapo dzina. Inu alembi a chilimba, a komiti ya msika, a bungwe la amai, a kopaletivu, Tertio ndi mbale wanu.

Luka nayenso, amene tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu ku Msoro chimatchedwa ndi dzina lake, akuyamba Uthenga wake ndi kufotokoza mmene anagwirira nchito. Akuuza Teofilo kuti ena analembapo kale, kuti nkhanizo zinachokera kwa anthu amene anaona ndi maso, kuti iye anafufuza zonse mosamala kuyambira pachiyambi, ndipo anazisanja mwa dongosolo kuti wowerenga atsimikize zimene anaphunzitsidwa. Luka anali sing'anga, Akolose 4:14 akutiuza choncho. Anali ndi nchito ina monga ife tomwe. Koma pofika pa kulemba anachita monga mmisiri: kufunsa, kuyesa, kusanja. Mzimu Woyera sanamuchotsere thukuta limeneli.

Nanga dzinali munthu ukalivomera limafuna chiyani? Ndikuuzani mmene ine ndimachitira, inu mudzatolapo zokuyenerani.

Choyamba ndi nthawi yotsegula. Shopu imene lero yatsegula m'mawa, mawa masana, mkuja osatsegula n'komwe, anthu amazolowera kuidutsa. Ine ndimalemba kuyambira 04:30 mpaka 05:30, nyumba isanauke, ndisanapite kumunda. Malaiti akapita ndimayatsa kanyale ka sola. Masiku ena mau amabwera ngati mvula ya Januwale, masiku ena ndimanyamuka ndi mizere isanu yokha. Onsewa ndi masiku a nchito. Inunso mudziwa tsiku limene mumakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka mutagulitsa mulu umodzi wokha. Simuotcha tebulo. Mawa mumayalanso. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiwiri ndi kuoda katundu. Wolemba sangagulitse mphepo. Ndimayenda ndi kabuku m'thumba la jekete kulikonse. Ndikamva agogo akutchula mwambi wa Chinsenga umene sindinaumvepo, ndimaulemba pomwepo ndi kuwafunsa tanthauzo lake. Pamzere wa ku depoti ya FRA, pa chigayo, m'galimoto yochokera pa turn-off kulowa m'boma la Petauke, mau ali mbwee, osowa ndi owatola. Kuwerenga nakonso ndi kuoda. Munthu amene safuna kuwerenga za ena koma afuna ena awerenge zake ali ngati wophika amene sanalaweko ndiwo za nyumba ina. Bwerekani mabuku, ngakhale akale a Chinyanja amene ana anu anasiya kusukulu, muone mmene anzanu anayambira nkhani ndi mmene anaimalizira.

Chachitatu ndi muyeso woona. Pamsika timamudziwa munthu amene meda yake anaiphwanya kunsi kuti ichepe. Agulitsa lero, mawa anthu auzana. Muyeso wa wolemba ndi choonadi. Ndisanalembe chaka, dzina kapena vesi, ndimayamba ndatsegula buku kuti ndione ndi maso. Nkhani imene yangofika pa WhatsApp, yopanda mwini, yopanda tsiku, sindiitola. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo zimene munthu wandiuza m'tseri pofuna pemphero sizilowa m'zolemba zanga, ngakhale nditasintha dzina. Petauke ndi mudzi, Nyimba ndi mudzi, aliyense adzadziwa kuti akunena amai uje. Cholembera chingathe kuswa banja limene munthu analimanga zaka makumi awiri, ndiye wochigwira ayenera kudziwa kulemera kwake.

Chachinai ndi kusankha. Nshawa sizipita kumsika mmene zachokera m'munda. Timaswa, timapeta, timachotsa zofwapa ndi zachuku. Zimene ndalemba Lolemba sizituluka Lolemba. Ndimazisiya zigone, Lachitatu ndimaziwerenga mokweza ndili ndekha. Pamene lilime langa lapunthwa, wowerenganso adzapunthwa pomwepo. Kawirikawiri ndime zina zimene ndinazikonda polemba zimapita kudzala, chifukwa zinkakometsa ine osathandiza inu. Kenako amai a kunyumba amawerenga, ndipo iwo sanyengerera munthu. Akati apa sindinamve, sinditsutsa, ndimakonza. Mutu umodzi susenza denga. Pezani munthu mmodzi amene saopa kukuuzani kuti apa mwazungulira, ndipo musamukwiyire.

Chachisanu ndi dzina pa katundu. Nthawi ina mau amene ndinalemba pa nyengo ya Lenti anazungulira m'magulu a pafoni mpaka anandibwerera, dzina langa litachotsedwa, pansi pali dzina la munthu wa tauni ina. Ena anati musadandaule a Reader, mau a Mulungu alibe mwini. Inde, Uthenga ndi waulere. Koma lamulo loletsa kuba silinafufutidwe pa malamulo khumi aja. Ndinamulembera munthuyo mwaulemu, ndipo dzina linabwerera. M'Zambia muno muli lamulo lotchedwa Copyright and Performance Rights Act la 1994, limene limateteza zolemba ndi nyimbo za munthu monga katundu wake. Dzina limathandizanso wowerenga, chifukwa akapeza polakwika adziwa khomo loti agogode. Nanenso ndikatenga ganizo kwa wina ndimatchula mwini wake. Wamalonda wabwino sabisa kumene anaoda.

Chachisanu ndi chimodzi ndi mtengo. Apa ndidziwa ena mukwinya nkhope. Mau a m'mawa awa ndi chopereka changa, sindilipiritsa. Mbiri ya maliro sindilipiritsa. Koma munthu wa bizinesi akabwera kuti ndimulembere malamulo a kopaletivu kapena kalata yopempha nkhongole, timayamba tagwirizana mtengo, monga amachitira telala ndi kalipentala. Mbasela amapereka ndi munthu amene katundu wake ali ndi mtengo. Ngati zonse ndi zaulere, anthu sadziwanso kuti apa mwawapatsa mphatso, amangoti nchitoyo ndi yopepuka. Ndipo mwana amene akuona atate ake akugona mochedwa kulembera anthu, malipiro ake zikomo wa pakamwa, sadzafuna kuyandikira cholembera.

Tsopano ndikumva wina akuti, a Reader, zonsezo n'zabwino, koma ine sukulu ndinalekezera Giredi 9, Chizungu changa n'chothyokathyoka. Tamverani. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ku Malawi. Analemba Nthondo m'Chinyanja, nkhaniyo inapambana mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa, ndipo bukulo linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira Azungu anachita kulimasulira m'chinenero chawo kuti nawonso alaweko. Akuluakulu mukumbukira Julius Chongo pa Poceza M'madzulo, mmene anthu ankaunjikirana pa wailesi imodzi, ana osafuna kukagona. Munthu mmodzi, mau a anthu ambirimbiri, zonse m'Chinyanja chomwechi chimene timagulitsira tomato. Lero akatswiri a zinenero analemba mabuku pa luso lake. Sukulu ndi yabwino, amene mungathe pitirizani. Koma chinenero chimene munayamwa ndi mpamba wokwanira kuyamba nawo.

Wina ati, ine ndilibe nthawi, nchito yandipanikiza. Dominic Mulaisho, wobadwira ku Feira kumene lero timati Luangwa, anali wanchito wamkulu m'boma pamene anatulutsa buku lake The Tongue of the Dumb mu 1971. Sanalembe za London. Analemba za mudzi wa m'chigwa, mfumu yake, chigumula, njala ndi mishoni, zinthu zimene ife tonse tingazizindikire. Pambuyo pake anadzakhala mkulu wa Bank of Zambia. Ngati munthu wa maofesi otere anapeza nthawi yolemba buku lathunthu, ife sitingasowe mphindi 20.

Ndipo inu amene mumalota ndi kulira maliro m'Chinsenga, musaganize kuti chinenero chanu ndi cha pamtondo pokha. Ana athu kusukulu amaphunzira Chinyanja, poti ndi chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha, ndiye ambiri tinakula osaona Chinsenga papepala. Koma wansembe wina wa mishoni ya UMCA, A. S. B. Ranger, anatulutsa Chinsenga Handbook mu 1928, ndipo mu 2016 Bible Society of Zambia inatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chinsenga cha masiku ano. Njira inalambulidwa kale. Zimene zikuchepa ndi nthano, miyambi, mbiri za mabanja ndi za midzi zolembedwa ndi eni ake. Amene angazilembe ali pakati pathu pano, ena akuwerenga mau ano atakhala pa thumba la makala.

Chimene chimandiutsa 04:30 ndi ichi, abale anga. Ife a Anglican a kuno kum'mawa timadziwa dzina la Leonard Kamungu, wansembe wochokera ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, amene anafika ku Msoro mu 1911 namwalira komweko mu 1913. Anakhala kuno zaka ziwiri zokha. Nanga tikumudziwa bwanji patapita zaka zoposa 100? Chifukwa anthu anakhala pansi nalemba. D. Y. Mills analemba za moyo wake atangomwalira kumene, ndipo John Weller anatulutsa The Priest from the Lakeside mu 1971. Koma Kamungu sanagwire nchito yekha. Panali aphunzitsi, akatekisiti, onyamula katundu, amai ophika, ndi ena amene pambuyo pake anayenda pansi kufikitsa mapemphero m'midzi yathu ino. Amene anafolera tchalitchi choyamba cha udzu kwanu anali ndani? Amene ankaimba belu, chitsulo chopachika pamtengo chija, anali ndani? Ambiri maina awo anapita pamodzi ndi agogo amene ankawakumbukira.

Si za mpingo zokha. Ndani walemba mmene malonda a nthochi anakulira pa Nyimba, kuchokera m'kamwa mwa amai amene anawayamba? Ndani walemba za chilala cha 1992, mmene tinadyera nsima ya chimanga chachikasu? Ndani akulemba za chilala cha 2024, pamene chimanga chinaumira m'munda ndipo malaiti anasowa mpaka ometa ndi owotcherera zitsulo anakhala manja lende? Ana amene akubadwa lero adzafunsa, ndipo adzapatsidwa zolembedwa ndi alendo amene anadutsa pa Great East Road osatsika m'galimoto. Ndani walemba nyimbo za pa Tuwimba ndi matanthauzo ake, akulu odziwa akali moyo? Ndi mabanja angati amene akangana za malire a munda pamaso pa mfumu, chifukwa amene ankadziwa anamwalira osasiya kanthu papepala? Ndi magulu angati a chilimba ndi village banking amene asweka, anthu osapatsana moni mpaka lero, chifukwa buku linalembedwa mwachisawawa ndi munthu amene ankati ndimangolembalemba? Apa m'pamene manyazi athu amapwetekera anthu ena. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pa nkhani iyi imafa ndi mbiri ya mudzi wonse.

Sindikunamizani kuti dzinali ndi lokoma ponseponse. Walira mvula walira matope. Baruki, mlembi wa Yeremiya, analemba mpukutu wonse nakauwerenga poyera ku Kachisi. Mpukutuwo utafika kwa mfumu Yehoyakimu, inali nyengo yozizira, mfumu ikuotha moto. Akawerenga pang'ono, iyo inkadula ndi mpeni n'kuponya pamoto, mpaka wonse unatha. Nchito ya masiku ambiri inasanduka phulusa, ndipo Baruki ndi Yeremiya anachita kubisala. Nanga anatani? Anatenga mpukutu wina nayambiranso, ndipo anaonjezamo mau ena ambiri. Chaputala 45 chikutionetsa kuti Baruki ankatopa ndi kudandaula. Anali munthu monga ife, koma nchito anaidziwa kuti ndi yake.

Ife mpeni wa mfumu sunatifikire, koma zathu zilipo. Foni imagwera m'madzi ndi zolemba zonse. Chiswe chimadya kabuku. Umalemba sabata lathunthu, owerenga atatu okha, pamene chithunzi cha mbuzi yovala chipewa chasekedwa ndi mazana. Wina amakwiya poganiza kuti ukunena iye, chonsecho sunamuganize n'komwe. Wolembalemba amasiyira pamenepo. Wolemba amagula kabuku kena, ndipo amaphunzira kusunga zolemba zake pawiri, papepala ndi pafoni. Amene mudzafika posindikiza buku, dziwani kuti lamulo limafuna kope lipite ku National Archives ku Lusaka, ndipo zimenezo n'zokuthandizani, chifukwa nyumba ikapsa mau anu adzakhala akalipo.

Palinso ngozi ya kudzitukumula, imene ena amaiopa akamva munthu akuti ndine wolemba. Ngoziyo ilipo ndithu. Koma ndaona kuti mankhwala ake ndi nchito yomweyo. Pepala loyera la m'mawa silidziwa kuti dzulo anthu anakuyamika. Limakudikira ngati munda wosalima, ndipo munthu amene amakumana nalo tsiku lililonse sachedwa kudziwa kuchepa kwake. Amene amadzitukumula kwambiri nthawi zambiri ndi uja analemba kamodzi zaka zisanu zapitazo.

Ndiye sabata ino ndikupemphani zinthu zitatu, inu amene mumalemba. Gulani buku la mizere, patsamba loyamba mulembe dzina lanu ndi tsiku, pansi pake mulembe kuti wolemba. Sankhani nthawi yanu, kaya ndi m'mawa, kaya ndi masana pamene msika wazizira, ndipo muisunge monga mumasungira tsiku la chilimba. Kenako pitani kwa munthu wamkulu koposa pa banja lanu kapena pa mpingo wanu, mukhale nawo pamphasa, muwafunse kumene anabadwira, kumene mudzi unachokera, zimene anaona. Lembani monga anenera, m'chinenero chimene anenera, mukatha muwawerengere kuti akonze pamene mwaphonya. Musadikire Khirisimasi. Akuluakulu sakutidikira.

Inu amene simulemba, gawo lanu liliponso. Mwana akakhala phee ndi kabuku musafulumire kumunena ulesi, mufunseni akuwerengereni. Mlembi wa gulu lanu mugulireni buku labwino ndi bolopeni, ndipo maminitsi akamawerengedwa mvetserani, musamacheze. Mukalembetsa kalata ya bizinesi, funsani mtengo musanafunsidwe. Mukatumiza kwa anzanu zolemba za munthu, musadule dzina lake. Ndipo wina akakuuzani kuti ndimangolembalemba chabe, mumuyankhe kuti, ayi amai, ayi atate, inu ndinu wolemba, tilembereni bwino.

Tipemphere. Mulungu Atate, munapatsa Luka mtima wofufuza, Tertio dzanja lokhulupirika, ndi Baruki mphamvu yoyambiranso. Dalitsani onse amene amagwira cholembera pakati pathu, m'misika, m'mipingo ndi m'midzi ya Petauke ndi Nyimba. Achotsereni manyazi, atetezeni ku bodza ndi ku matama, ndipo muyeso wawo ukhale wodzaza. Sungani akuluakulu athu mpaka mau awo atalembedwa. Dalitsaninso malonda a ana anu lero, kuti madzulo pasasowe choika pamoto. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Mutandale bwino nonse. Amene muli paulendo wa ku Lusaka kapena ku Chipata, mufike bwino.